Njinga zamoto zooneka ngati zachikale zija, kodi ndalama zanu zikupita pati kwenikweni?

Mphwanga amene amagwira ntchito ku Joni anabwera pa Khirisimasi ina ndi njinga yamoto yomwe inasokoneza anthu pa Dedza boma. Thanki yobiriwira yoboola maso, chishalo chofiirira chathyathyathya chosokedwa mizeremizere, nyali yakutsogolo yozungulira ngati mbale, ekizozi yakuda bii, matayala onenepa a manomano. Atangoima pa siteji anyamata a kabaza anaiunjirira, uyu kugwira handulo uyu kufunsa mtengo, wina mpaka kujambulitsa atakhalapo. Koma panali makaniko wina wachikulire amene ndakhala ndikukonzetsa kwa iye zaka zambiri, iyeyu sanayang'ane thanki olo pang'ono, ananjuta pansi n'kupukuta fumbi pambali pa injini ndi chala, kuwerenga manambala aja, kenako akuti "Achimwene, iyitu ndi injini yomweyi ili pa njinga ya mnyamata uyuyu wonyamula kachewere, angoiveka suti basi." Mphwanga sanasangalale nazo. Koma mdalayo sananame ayi, ndipo nkhani yonse ya njinga zimenezi yagona pa mawu amenewo.

Njinga ndikunenazi ndi zatsopano, zochokera ku fakitale dzana dzanali, koma amazipanga dala kuti zizioneka ngati za m'ma 1960 ndi 1970. Maonekedwewa anachokera ku England, komwe anyamata a m'ma 1950 ndi 1960 ankasonkhana pa malo ena otchedwa Ace Cafe ku London, ankachotsa chilichonse cholemera pa njinga zawo za Triumph, Norton ndi BSA, kutsitsa mahandulo, kufupikitsa madigadi, cholinga afike mamailosi 100 pa ola, omwe ndi makilomita 160. Ndiye dzina loti cafe racer, limene amatchulira njinga za mtunduwu, linachokera kumeneko. Palinso zina amati scrambler, zokweza ekizozi m'mwamba ndi matayala a m'thengo. Lero fasho imeneyi inabwereranso, ndipo makampani anaona kuti pali achinyamata ambiri ofuna maonekedwe koma thumba ndi lopyapyala.

Chifukwa chomwe zambiri zimakhala za 125 si mwangozi. Ku Ulaya munthu amene akungoyamba kumene kukwera, lamulo limamulola njinga yosapitirira 125cc komanso mphamvu zosapitirira 11 kW, pafupifupi mahosipawa 15. Ndiye msika waukulu uli pamenepo, mnyamata sangakwere chinjinga chachikulu koma akufuna azioneka ngati wakwera chachikulu. Maina ngati Herald ya ku England, Mash ya ku France, Brixton ya ku Austria, mukamva mungaganize kuti njingazo zimapangidwa ku Ulaya konko, pomwe ayi, zimapangidwa ku China, eni dzinawo amajambula mmene akufunira, kusankha mtundu wa penti ndi chishalo, ena n'kumalizitsa zina ndi zina kwawo, kenako kumata dzina pa thanki. Ndipo izi si zachinsinsi kapena zoipa mwa izo zokha.

Apa ndiime kaye, chifukwa pali kachizolowezi kathu kongoti "zachitchaina" ngati tamaliza nkhani. Mzinda wa Chongqing uli ndi mafakitale akuluakulu ngati Loncin, Zongshen ndi Lifan, ndipo Loncin yomweyo yakhala ikupanga mainjini a njinga za BMW. Haojue ya ku Jiangmen imapanga njinga za Suzuki zenizeni. Ndiye si kuti anthuwa sadziwa kupanga chinthu cholimba. Fakitale imapanga molingana ndi ndalama zomwe wogula waika pa tebulo. Ukauza telala kuti ndili ndi ndalama zochepa koma ndikufuna suti yooneka bwino pa ukwati, akusokera ndithu, pa chithunzi udzaoneka bwana, koma nsalu ya mkati, ulusi ndi zipi ndi pamene abwezerepo zake. Njinga ziwiri zitha kutuluka pa geti limodzi, imodzi n'kutha zaka khumi ina n'kuyamba kuyoyoka isanathe miyezi isanu ndi umodzi.

Tsono injini. Apa ndi pamene anthu ambiri amaopa, koma kunena zoona ndi pamene pali mavuto ochepa. Mainjini ambiri a njinga zotchipazi ndi ana a makolo awiri basi, Honda CG125 ndi Suzuki GN125 kapena mbale wake GS125. Mbiri ya CG imandisangalatsa chifukwa imakhala ngati ankaganizira ife tomwe. Mu 1974 Honda inatuma akatswiri ake ku maiko ngati Thailand, Indonesia, Philippines ndi Pakistan kukaona chifukwa chomwe njinga zawo zimafera msanga kumeneko. Anapeza banja lonse pa njinga imodzi, katundu pamwamba, oyilo wakuda ngati phula wosasinthidwa chigulireni, munthu amapita kwa makaniko pokhapokha njinga ikakaniratu kulira. Njinga zawo za nthawiyo zinali ndi kamushafuti, chitsulo chimene chimatsegula mavalavu, pamwamba pa injini, ndipo oyilo akada kapena kuchepa, kumutuko ndi kumene kunkayamba kudyeka. Ndiye anabwerera n'kupanga injini yoti izipirira nkhanza, kamushafuti anaitsitsira pansi pafupi ndi oyilo, mavalavu azikankhidwa ndi tindodo tiwiri tachitsulo, tcheni cha mkati palibe. CG125 inatuluka mu 1975, mu 1976 anayamba kuipanga ku Manaus ku Brazil, ndipo ku Pakistan akuipangabe mpaka pano. Imeneyi ndi imene a ku China anakopera mamiliyoni, ndipo njinga zambiri za kabaza mukuziona pa Lizulu, pa Tsangano turn-off, pa Chimbiya, zikuyendera mtima womwewu. Kunena mwatchutchutchu, mnyamata wa kabaza wakhala akukwera njinga yachikale kuyambira kalekale, kungoti palibe anamuuza kuti ndi fasho.

Ya Suzuki ija ndi yosiyana pang'ono, ili ndi kamushafuti pamwamba ndi tcheni cha mkati, imalira mosalala, siinjenjemera kwambiri ukaikoka, koma imafuna oyilo woyera pa nthawi yake. Mukafuna kudziwa kuti njinga yanu ili ndi iti, chitani zomwe anachita mdala uja, yang'anani manambala odindidwa kumunsi kwa injini. Mukaona ngati 156FMI, apo 1 ndi silinda imodzi, 56 ndi kukula kwa bowo la pisitoni m'mamilimita, F ndiye kuti imazizira ndi mphepo, M ndi njinga yamoto, I ndi 125. Ikathera ndi J ngati 162FMJ ndiye 150 imeneyo, L ndi 200. K157FMI nthawi zambiri ndi ya banja la Suzuki lija. Nambala imeneyi ndi yofunika kuposa dzina lili pa thanki, chifukwa pa kauntala ya masipeya mukatchula dzina lachizungu lija angokuyang'anani, koma mukatchula nambala kapena kungoti "ya CG" akutulutsirani pisitoni, maring'i ndi gasiketi pompo.

Nanga ngati injini ili bhobho, kutchipako kwabisala pati? Kwabisala mu tinthu tonse tozungulira injiniyo, timene wogula sayang'ana tsiku logula chifukwa maso ali pa thanki.

Yambani ndi mabawuti ndi manati. Pa njinga ya mphwanga, mabawuti ena anali ofewa moti ukangolimbitsa pang'ono ndi sipanala mutu wake umakhala wozungulira, ena amamasuka okha chifukwa injini ya silinda imodzi imanjenjemera. Ulendo umodzi wopita ku Thete pa msewu wa fumbi, tinafika nambala puleti ikulendewera ndi bawuti imodzi, indiketa yakumbuyo itayang'ana kumwamba. Dzimbiri nalo silichedwa. Chrome wabwino amayamba aika kaye nikelo wokhuthala pansi, wotchipa amangopaka kansalu kopyapyala, ndiye chifunga cha kuno cha mu Juni ndi Julaye chija, chimene chimanyowetsa chilichonse olo mvula isagwe, pakangotha nyengo imodzi masipoko, malimu ndi khosi la ekizozi zayamba madontho ofiira. Penti ya pa thanki imakhala yokongola ndithu chifukwa ndi imene imagulitsa njinga, koma suzumirani pansi pa chishalo ndi m'malo owotcherera felemu, mupeza penti yongonunkhiza.

Kenako mawaya. Awa ndiye amapengetsa anthu, chifukwa vuto la magetsi limaoneka ngati ufiti, lero yalira mawa yakana, mkuja yalira yokha bwinobwino. Mawaya amakhala opyapyala, polumikizira pake mulibe chotchinga madzi, ndipo pokhotera handulo amakhuzika ndi felemu mpaka kusupuka. Munthu amagula batire yatsopano, kenako koyilo, kenako pulagi, pomwe vuto ndi kawaya ka ethi kamene kachita dzimbiri pa bawuti imodzi. Mphira nawonso, mapaipi a petulo, kamphira kolumikiza kabuleta ku injini, masilo a mafoloko, zimang'aluka msanga zikaona dzuwa. Mabeling'i ndi swing'amu, chitsulo chogwira tayala lakumbuyo chija, nthawi zina amabwera ndi gilizi wongolawitsa. Tcheni chobwera ndi njinga chimatamuka ngati chingamu, mumakoka sabata ino sabata yamawa chalendewanso, ndipo chikatha chimadya masipuloketi onse awiri. Mashoko akumbuyo amaoneka amphamvu, ena mpaka amaikapo katanki kagolide kokongoletsa, koma mkati mulibe chogwira, mukagunda bampu njinga imangodumphadumpha ngati mwana wa mbuzi.

Chimene chimandiopsa ine kwambiri ndi matayala. Matayala otchipa amakhala a mphira wouma, satha msanga ndiye anthu amawayamikira, koma pa tala wonyowa sagwira. Onjezani kuti pofuna fasho amaika a manomano akuluakulu omwe sali abwino pa tala komanso sali abwino kwenikweni m'matope. Amene anatsikapo Khwekhwerere kulowera ku Golomoti kutagwa kamvula akudziwa zomwe ndikunena, makona aja safuna tayala longokongola. Ngati pali chinthu choyamba kusintha pa njinga yotere, ndi chimenechi, musanagule olo magalasi atsopano.

Palinso mavuto ena amene si a kutchipa koma a fasho yeniyeniyo. Madigadi afupiafupi aja ku London mwina ndi bwino, koma kuno mu Januwale mukachoka pa Bembeke kulowa m'midzi, matope onse a tayala lakutsogolo amathera pa injini ndi pa nsapato, akumbuyo amakulembani mzere pamsana kuyambira m'chiuno mpaka m'khosi. Injini yozizira ndi mphepo ikamatidwa matope m'mapepe mwake imatentha. Chishalo chathyathyathya chija ndi chokongola koma siponji yake ndi yopyapyala ngati chigumu cha mwana wasukulu, kuchoka pa Dedza kufika Ntcheu boma mumatsika mukuyenda motang'aza. Kaliyala palibe, pogwira wokwera kumbuyo palibe, tcheni chili pamtunda pomwe njinga za ntchito zambiri zimabwera ndi chotchinga tcheni chonse kuti fumbi lisalowe. Ena amachotsanso bokosi la fyuluta n'kuika kafyuluta kapoyera kooneka ngati kachitini, fumbi la mu Okutobala likalowa mmenemo limapala silinda ngati sandipepa. Mwaonatu apa, zinthu zimene anazichotsa kuti njinga ikongole ndi zomwezo zimene zimaiteteza pa misewu yathu.

Ndiye pali za kwathu kuno zomwe kabuku ka njinga sikanena. Dedza boma ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, mpweya ndi wopepuka, ndipo injini imataya mphamvu pafupifupi 3 pa 100 iliyonse pa mamita 300 alionse omwe mwakwera. Ndiye njinga yomwe kunyanja ya mchere ili ndi mahosipawa 10 kapena 11, ikafika kuno yatsala ndi 9 kapena kucheperapo, mukakweza munthu kumbuyo pa chitunda mumachita kuipempha. Kabuleta yochunidwa kumunsi ikafika kuno imamwa petulo wambiri kuposa mpweya, pulagi imada mwaye, njinga imatsamwa, ndipo makaniko wodziwa amangosintha jeti kapena kutsitsa singano ya kabuleta, nkhani yatha. Petulo wathunso amasakaniza ndi ethanol, takhala tikuchita zimenezi kuyambira 1982 pomwe fakitale ya ku Dwangwa inayamba, kenako inabweranso ina ya ku Chikwawa. Ethanol amakoka chinyezi, ndiye njinga ikangokhala milungu ingapo thanki ili theka, madzi amakhazikika pansi, thanki yosapakidwa bwino mkati imayamba dzimbiri, timapaipi totchipa tija timafewa. Njinga za fashozi nthawi zambiri ndi za pa Sande, zimakhalitsa m'nyumba, ndiye vutoli limazigwira kwambiri kuposa ya kabaza yomwe petulo sagona m'thanki. Osanenanso za petulo wa m'zigubu nthawi imene mafuta asowa, amene simudziwa kuti wadutsa muti.

Zatsopano zopangidwira msika wa ku Ulaya zili ndi kenanso. Kuyambira 2017 malamulo a utsi otchedwa Euro 4 anapangitsa kuti pafupifupi zonse zisiye kabuleta n'kuyamba injekishoni, yomwe imapopera petulo mu injini ndi magetsi, komanso za 125 zizikhala ndi mabuleki olumikizana kapena a ABS, amene salola tayala kukhwekhwereka mukamanga buleki. Injekishoni ndi yabwino, imadzichuna yokha ukakwera phiri, m'mawa wozizira imalira kamodzi osavutika ndi choki. Koma pampu ya m'thanki kapena sensa ikafa muli pa Kasinje, palibe cha pansi pa mtengo chimene chingakuthandizeni, ndipo batire ikafooka olo mukankhe bwanji pampuyo siizungulira. Kabuleta aliyense amaimasula ndi sikuludilaiva, kuipemerera, kubwezera. Ine pa ziwirizi, kwa munthu wokhala kumudzi, ndimasankhabe kabuleta, olo ena anene kuti ndine wotsalira.

Tsopano funso la ndalama, kodi n'zoyenera mtengo wake? Mtengo wa njinga si umene mwapereka tsiku logula okha. Ganizirani msonkho wa MRA ngati mwaitenga kunja, kulembetsa ku Road Traffic, inshuwalansi, layisensi, chipewa chabwino. Kuno kumalire tikudziwana, njinga zambiri zimangodutsa kuchokera ku Angónia ku Mozambique popanda pepala lililonse, ndipo imaoneka yotchipa mpaka tsiku limene mwakumana ndi apolisi kapena yabedwa ndiye mulibe umboni woti inali yanu. Kenako masipeya. Kwacha inagwa ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, ndiye chilichonse choitanitsa kunja chimaluma. Za mkati mwa injini mupeza paliponse monga ndanena, koma thanki ija, chishalo chija, sipidomita yozungulira ija, makava a m'mbali, disiki ya buleki, zimenezo ndi za mtundu umenewo wokha. Mukagwa n'kuphwanya nyali mudikira miyezi kuti wina akutengereni ku Joni, ndipo makampani ongomata dzinawa amatha kusintha fakitale kapena kutseka kumene, ndiye chitsulo cha chaka chino sichilowa pa njinga ya chaka chatha. Pogulitsanso ndi pomwe pamawawa, chifukwa wogula wamkulu wa njinga yogwiritsidwa kale ntchito kuno ndi wa kabaza, ndipo iyeyo akaona kuti palibe kaliyala amangoti "bwana, iyi ndi yoyendera kutchalitchi" n'kudula mtengo pakati.

Mukaika pambali pake njinga za ku India ngati Bajaj Boxer kapena TVS HLX, sizikongola, palibe angakujambuleni, koma ndalama zake zinapita ku felemu, mashoko ndi chishalo chachitali, zinapangidwira katundu ndi mabampu. Amene akufunadi zachikale zenizeni ndipo thumba likulola, kuli Royal Enfield, yomwe yakhala ikupangidwa ku Chennai kuyambira m'ma 1950, ndipo Hunter 350 yomwe inatuluka mu 2022 ndi yomangidwa bwino ndithu, koma imalemera makilogalamu pafupifupi 180, mtengo ndi wina, ndipo masipeya ake simuwapeza pa Mphate. Ndiye kagulu ka 125 ndi 150 kotchipaka kali pakatikati, mukulipira ndalama za injini ya kabaza kuphatikizapo ndalama za suti. Ngati mukudziwa zimenezo ndipo sutiyo mwaikonda, palibe cholakwika, munthu amaloledwa kukonda chinthu chokongola. Cholakwika ndi kuganiza kuti mtengo wokwererapowo wagula kulimba.

Ndipo zoona zake n'zakuti njinga zimenezi zimatheka kuweta. Mdala uja ataimasula ya mphwanga anatha tsiku lathunthu asanakhudze injini n'komwe. Anamasula mabawuti ofunika limodzilimodzi, ofewa kutaya n'kuika olimba ndi mawashala a sipuling'i, anatulutsa ma ekiselo ndi swing'amu kupaka gilizi, polumikizira mawaya ponse anapukuta n'kupakamo gilizi pang'ono n'kumanga bwino kuti asakhuzike, anaika kafyuluta ka petulo pa paipi, anakunga masipoko akuwagogoda ndi sipanala kumvetsera kulira kwake, lomveka "mbwee" ndiye lomasuka limenelo. Kenako oyilo, amene anabwera nayo anamukhetsa n'kutsuka kasefa kaja kali kuseri kwa chinati chachikulu chokhetsera, kanatuluka ndi tizitsulo tonyezimira ngati mchenga wa kumtsinje. Injini zimenezi zimangotenga pafupifupi lita imodzi ya oyilo ndipo zambiri zilibe fyuluta yapepala, ndiye kusintha pafupipafupi ndi kumene kumazisunga, ndipo akhale oyilo wa njinga yamoto wolembedwa JASO MA, chifukwa kilatchi imasamba mu oyilo yemweyo, wa galimoto wina amaiterereketsa. Mavalavu anachuna injini itazizira, pa CG ndi 0.08 mm, kampata kochepa kuposa pepala la kope.

Mukamagula yogwiritsidwa kale ntchito, pitani m'mawa injini isanalizidwe, muigwire kaye ngati ili yozizira, chifukwa wogulitsa wochenjera amaitenthetsa musanafike. Tsegulani thanki muunike mkati ndi tochi ya foni. Imikani pa sitandi mugwedeze tayala lakumbuyo cham'mbali, kokani tcheni kumbuyo kwa sipuloketi muone ngati chikunyamuka mpaka kuonetsa mano. Nambala ya pa felemu ifanane ndi ya pa pepala.

Mphwanga anabwerera ku Joni pa basi, njinga anaisiya kwa malume athu ku Lizulu kuti aziiyang'anira. Nditapitako mwezi wathawu ndinachita kuizindikira ndi thanki yokha. Malume anawotcheretsa kaliyala yachitsulo kumbuyo, madigadi anaika aatali a njinga ya kabaza, akutsogolo ofiira akumbuyo akuda, chishalo chofiirira chija anachikuta ndi chubu chakale atawonjezera siponji ya matiresi. Ndinawapeza akumangirira thumba la kachewere ndi malegeni, ndinawafunsa kuti kodi malume, mwini wake akadzaiona chonchi adzati chiyani, iwo akuti "Adzanena akadzabwera, pano ndigwirireko thumbali lisapendekeke." Anaponda kiki kamodzi, inalira.